Tsitsi Limene Anakana Kumeta

Kwathu kufupi ndi Nkaya, m'zaka zija nkhondo yachiwiri itangotha, mkazi wokhala ndi mgolo pakhomo ankayenda monyang'wa. Madzi anali kutali, ndipo chilimwe chikakhwima tinkachita kukanda mchenga mumtsinje n'kumadikira kuti atuluke pang'onopang'ono. Choncho tsiku limene alamu anga anatulukira akugubuduza mgolo wachitsulo pakati pa mudzi, ana akuwalondola m'mbuyo, ine ndinaimba nthungululu. Pakamwa pomwepa, pamene lero patsala mano owerengeka, panaimbira munthu ameneyo nthungululu.

Alamuwo anali akulu awo a amuna anga, bere limodzi. Anali kapitawo pa esiteti ya mzungu wina m'mbali mwa njanji, ndipo ukapitawowo sankauvula ngakhale Lamulungu: kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo, wenzulo pakhosi. Gulu lawo ndi limene linkathira mankhwala opha udzu m'misewu ya pa esiteti ndi pamene ngolo za sitima zinkaima. Amuna anga anali osiyana nawo kutali. Anali mkamwini m'mudzi mwathu, mlimi wa thonje, wofatsa moti nkhuku ikalowa m'nyumba ankachita kuipempha kuti ituluke. Mwana tinalibe, ndipo akuchimuna ankandiwerengera zimenezo.

"Alamu, mwapuma tsopano," anatero alamu angawo akuumenya mgolowo ndi chikhatho kuti mudzi wonse umve. "Wotsukatsuka kale uwu, koma inu tsukaninso mwa chizolowezi chanu."

Chizolowezi tinali nachodi, chophunzirira pa migolo ya palafini. Umayatsa udzu mkati, umakwecha ndi phulusa ndi mchenga, umatsukuluza, kenako umalowetsa mutu n'kununkhiza. Fungo likatha, mgolo wayera. Ndinachita zonsezo, ndinaitananso anzanga kuti anunkhize, ndipo tonse tinavomereza kuti uwu ndiye mgolo, wopanda ngakhale kafungo. Pansi pake, mozungulira pamene chitsulo chinapindidwira, panali zotuwa zouma gwa zimene zinakana mchenga. Ndinaziyesa dzimbiri. Kunja, mbali imodzi inali yopalidwa ndi mpeni mpaka chitsulo kuwala, koma ndani amafunsa mphatso kuti yapalidwiranji? Ndinauimika kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, n'kuuzinga ndi tsekera kuti anthu opempha madzi asazolowere.

Miyezi itapitapo tinayamba kudwaladwala, ine ndi amuna anga. M'mimba mosakhazikika, mapazi adzanzi ngati wakhalira mwendo nthawi yaitali, zikhatho zokhakhala zotuluka tinjerewere. Tinkati ndi khasu. Tinkati ndi madzi a chilimwe. Ku tchalitchi amayi anzanga ankandiseka kuti ndikuda ngati mphika, ine n'kumaseka nawo.

Mwezi wa Okutobala mng'ono wanga wa ku Nselema anali pafupi kuchira, ndipo ndinapita kukamudikirira. Ndinasiya mgolo wodzadza, koma mwana anachedwa kubadwa, madzi n'kutha. Tsono mwamuna wa nthawi imeneyo kusenza mtsuko kupita kumtsinje, pamaso pa akazi a kuchikamwini, kunali bwino afe ndi ludzu. Amuna anga anapendeketsa mgolo, anakokota zotsalira pansi ndi chikho, zamatope zomwezo, n'kumwa atachoka kumunda. Ine ndinafika masana a tsiku lomwelo. Ndinawaphikira nandolo, anadya pang'ono, ndipo dzuwa lisanalowe anali akusanza ndi kutsegula m'mimba, akulira kuti pakhosi pakuyaka moto. Tinawanyamula pa machila mpaka ku chipatala cha mishoni kufupi ndi Balaka, ndipo anamwalira mawa lake. Sisitere wa kumeneko, poona mmene anafera, anasunga masanzi awo m'botolo.

Pa maliro alamu anali ponseponse, kulamula adzukulu, kulamula ophika. Ndili m'nyumba ya siwa ndinamva mgolo ukugubuduzika, ndipo wina anati alamu autenga kuti akafululire mowa wa kumeta. Sindinaganizepo kanthu, mutu wanga unali kumanda.

Tsiku lometa linafika. Kwathu maliro akatha abale onse amametedwa mpala, ndipo namfedwa amametedwa ndi akuchimuna, kusonyeza kuti alibe naye chifukwa. Anametedwa amalume anga, azichemwali anga, ana ndi akulu. Lumo litafika pa ine, alamu anagwira dzanja la wometayo.

"Iyayi, uyu ayi. Munthu anali bwinobwino m'mawa, walima, wabwera yekha. Mkazi uyu wafika, waphika, munthu wafa. Wapita ku Nselema kukaona mwana kapena kukagula mankhwala? Analephera kutiberekera, tsono wafuna mwamuna wina. Lumo la kwathu silikhudza mutu umenewu."

Apongozi anga, mayi wawo wa awiriwa, anali okalamba ndipo maso anali atayamba kuchita khungu. Anafunsa kuti ndakhala pati. Atawalozera, anandilavulira malovu kumaso. Mayi ameneyu ndinkamukonda, ndinkamutumizira mtedza ndi mchere, ndipo malovu akewo anandiwawa kuposa mawu onse a mwana wake.

Ndinakhala choncho, mutu wanyankhalala pakati pa mudzi wa mipala. Aliyense wodutsa pamsewu ankadziwa kuti uyo ndi uja. Pachitsime anzanga ankasuntha mitsuko yawo. Ine ndinali mkazi wokonda tsitsi, ndinkalisunga lalitali n'kumaliluka ndi ulusi, koma tsopano ndinkalifunditsa mpango ngati chilonda.

Mvula yoyamba itagwa kunabwera apolisi. Ku Liwonde, mzungu wapolisi anandiuza kudzera mwa womasulira kuti botolo la sisitere lija linapita ku Zomba, kwa katswiri wa boma woyeza ziphe, ndipo anapezamo aseniki, chiphe chimene chimakhala m'mankhwala a makoswe, a dibi la ng'ombe ndi ena otero. Mboni yaikulu inali alamu. Ndinawoloka Shire pa pantoni kupita ku ndende ya ku Zomba ndili ndi unyolo m'manja, ndipo wapolisi wondiperekeza, pofuna kundichitira chifundo, anandiuza kuti akazi sawanyonga kawirikawiri.

Ku ndende aliyense watsopano ankayamba waonedwa ndi dokotala. Anali mzungu wowonda wosuta kaliwo, wolankhula Chinyanja chokhotakhota. Anatembenuza manja anga, anakanda tinjerewere tija, kenako anayang'anitsitsa zikhadabo. Chilichonse chinali ndi kamzere koyera kopingasa, kamene ine sindinkakalabadira.

"Mayi, mapazi amachita dzanzi?"

Ndinavomera. Anafunsa kuti kuyambira liti, ndipo ndinamuuza. Kenako anati akufuna tsitsi langa.

Pamenepo ndiye ndinalusa. Tsitsi la namfedwa silimetedwa ndi mlendo. Komanso ndani sadziwa zimene anthu amachita ndi tsitsi la mnzawo? Ndinati mwandimanga, mukufuna kundinyonga, tsopano mukufunanso kundilodza, dikirani ndife mudzamete bwino. Iye anaseka mpaka kutsokomola. Anati ngati ndikuopa kumene tsitsilo likupita, ndipite nalo ndekha ndikaone.

Anandiperekeza kwa katswiri woyeza ziphe uja mayi wolondera akaidi aakazi. Chinali chipinda cha mawindo aakulu, chodzadza mabotolo, chonunkha zowawasa zoluma m'mphuno. Katswiriyo anali mzungu wadazi wosakonda kulankhula, ndipo womuthandiza, bambo wachikulire wa ku Mulanje, ndi amene ankandifotokozera. Poyamba anandionetsa chimene chinandimangitsa. Kanali kachidutswa ka mkuwa, kochepa ngati chikhadabo, kali m'kabotolo. Anati mkuwa woyera amauwiritsa m'asidi pamodzi ndi chimene akuchikayikira. Mukakhala mulibe chiphe umatuluka wofiira monga unalowera, koma mukakhala aseniki umada. Kenako amauwotcha m'kapaipi ka galasi, zakudazo zimauluka n'kukamata pozizira, ndipo pa galasi lokuza zinthu zimaoneka ngati timiyala ta mchere tosongoka. Kachidutswa ka amuna anga kanali kakuda bii. Ndinakayang'ana nthawi yaitali, chifukwa n'chokhacho chimene chinatsala cha iwo pamwamba pa nthaka.

Kenako bambo uja anadula kamtolo ka tsitsi kunkhongo kwanga, pafupi penipeni ndi khungu. Analiwongola pa galasi, analimanga ndi ulusi kuti lisasokonekere, n'kulidula patatu: kunsonga, pakati ndi kutsinde. Anati tsitsi limakula pafupifupi chala chimodzi chopingasa pa mwezi, ndipo chimene chili m'magazi mwezi umenewo chimatsekeredwa momwemo osatulukanso. Kunsonga ndi kale, kutsinde ndi dzulo. Gawo lililonse analitsuka, analiyeza pa kasikelo kokhala m'bokosi la galasi koti ngakhale mpweya wa munthu umakasuntha, n'kuliika m'botolo lakelake. Anathiramo asidi n'kuyatsa moto pansi. Ndinaona tsitsi langa likusungunuka, madzi akuda ngati khofi, utsi ukukwera. Anati mpaka ayere mbee, ndiye tibwerenso mawa.

Mawa lake mabotolo atatu aja anali ndi madzi oyera ngati akumwa. Katswiri anaponyamo tizidutswa ta chitsulo chotuwa, ndipo madziwo anayamba kuchita thovu. Botolo lililonse analitseka ndi chivindikiro chokhala ndi kapaipi kopyapyala, ndipo m'kapaipimo munali kapepala koyera konyikidwa m'mankhwala. Bambo uja anati mpweya wotuluka m'thovumo umanyamula aseniki ngati alimo, ndipo ukakhudza pepalalo limasintha mtundu. Patebulo anayala timapepala tina timene anatikonzeratu ndi chiphe chodziwika muyeso wake, kuyambira kachikasu kongoyezimira mpaka kofiirira ngati fodya wochiza. Banga likatalika ndi kuda, ndiye kuti chiphe n'chambiri. Poyerekeza ndi timeneto ankadziwa kuchuluka kwake, osati kungoti chilipo.

Tinadikira. Ine maso anali pa timapepala titatu, mlonda uja atandigwira mkono ngati ndithawa. Ka kunsonga kanakhala koyera. Ka kutsinde kanachita chikasu pang'ono m'munsi. Ka pakati kanayamba chikasu, chikasucho chinakwera, chinafiira, mpaka bambo uja anakasendeza kumapeto kwa mzere wa patebulo kuti apeze kofanana nako.

Katswiri anavula magalasi n'kulankhula, bambo uja akumasulira. Anati munthu wofuna kupha mwamuna wake tsiku limodzi sayamba wadzidyetsa yekha chiphe miyezi yambirimbiri. Anati ine ndakhala ndikumwa aseniki pang'onopang'ono, kuyambira nthawi yakuti, ndipo ndinasiya chapafupi ndi nthawi ya maliro. Akanakhala kuti anandimeta, anatero, pakanamera tsitsi latsopano lokhalokha, ndipo iye sakanapeza choti anene. Ndiye anafunsa: n'chiyani chinalowa m'nyumba mwanu nthawi imeneyo, chimene inu ndi amuna anu munkadya kapena kumwa, n'kuchoka pa maliro?

Ndinakumbukira mbali yopalidwa ija. Ndinakumbukiranso alamu akutisimbira pakhonde pathu, akuseka, za mbuzi za anthu zimene zinafa zitadya udzu wothiridwa mankhwala pa esiteti. Ankadziwa. Mwina pobweretsa mgolo ankati ukatsukidwa zitha, zimenezo ndingavomereze. Koma tsiku limene mng'ono wawo anafa akusanza, anadziwa chimene chamupha, ndipo m'malo mogwada pansi n'kulira, anagubuduza mgolo n'kuloza ine. Anali wokonzeka kundiona ndikulendewera pa chingwe kuti asavule kabudula wa khaki. Ndinatchula mgolo, ndinatchula mwini wake, ndipo m'chipindamo ndinalumbira mumtima kuti munthu ameneyu sadzapuma ine ndili moyo.

Apolisi atapita kwathu anapeza udzu wamera bwalo lonse, wofika m'mawondo, koma pansi pa mango, pamene madzi a mgolo ankatayikira, panali dazi lozungulira ngati lichero. Anatapa dothi la pamenepo, ndipo nalonso linadetsa mkuwa. Mgolo anaufukula kuseri kwa chimbudzi cha alamu, utabooledwa ndi piki. Anthu a gulu lawo, amene anatopa kale ndi wenzulo ija, anafotokoza kuti lamulo la pa esiteti linali loti migolo ya mankhwala ikatha izibooledwa n'kukwiriridwa, ndipo kuti iliyonse inkabwera ndi chithunzi cha chigaza cha munthu pambali.

Ananditulutsa. Alamu anachotsedwa ntchito n'kumangidwa miyezi yowerengeka, chifukwa bwalo linati imfa ya mng'ono wawo sanaifune. Miyezi! Ine ndinatuluka ndi mapazi amene mpaka lero samva minga, amuna anga ali m'manda, iwo miyezi. Amalume ankati ndithokoze Mulungu kuti ndapulumuka. Ndinathokoza, koma mtima sunatsike.

Chimene chinandipsetsa mtima koposa ndinachimva pambuyo pake. Apongozi ankakhala kutali, kumudzi kwawo m'munsi mwa mapiri a Machinga, ndipo maso anali atatheratu. Ana awo aakazi anagwirizana zowabisira. Anawauza kuti mwana wawo wamkulu wapita ku Halale kukagwira ntchito, ndipo kuti ine ananditulutsa chifukwa ndinawadyetsa azungu mankhwala. Boma linandiyeretsa, mudzi wathu unandiyeretsa, koma kwa mayi amene anandilavulira ndinali ndidakali mfiti yopha mwana wake.

Alamu atatuluka anabwera kwathu ndi ankhoswe awo, kudzamaliza mwambo wometa ndi kundisudzula. Anali ataonda, atavala malaya ong'ambika paphewa, ndipo anakhala pansi penipeni, osati pampando. Anapempha kuti alankhule nane pambali.

"Alamu, zinachitikazo zinachitika. Ine ndalangidwa. Chimodzi chokha ndikupempha: amayi asamve. Atsala ndi masiku ochepa. Akamva, mwawapha ndinu."

Ndinawayang'ana. Ngakhale pamenepo anali atapeza kale imfa ina yoti andisenzetse.

"Alamu," ndinatero, "munandikana pamaso pa amayi anu. Mukandimetera pamaso pa amayi anu. Apo ayi, tsitsili ndifa nalo, ndipo maliro a mng'ono wanu adzakhala osatha mpaka kalekale."

Ankhoswe anayesa kundinyengerera mpaka dzuwa kupendeka. Amalume, amene poyamba ankandiletsa, anangoti mwana wanena. Alamu ndi ankhoswe awo analibe kuchitira mwina, chifukwa maliro osatsirizidwa abale onse amawaopa, ndipo matenda aliwonse ogwa pabanja akanati ndi omwewo.

Tinafika kwa apongozi m'mawa, ine, amalume, alamu ndi ankhoswe, titayenda ulendo wa fumbi. Tinawapeza pamkeka pakhonde, akutongola chimanga ndi zala zopindika. Azilamu anga aakazi atandiona anayamba kundikodola ndi maso, wina mpaka anandigwira chitenje. Ndinamuchotsa dzanja. Ndinagwada patsogolo pa apongozi n'kuwapatsa moni.

"Mawu awa ndikuwadziwa," anatero. "Wadzatani pano?"

"Ndabwera kuti mundigwire manja, amayi."

Ndinatenga dzanja lawo n'kuliyendetsa pa zikhatho zanga, pa tinjerewere tonse. Ndinawauza kuti malemu mwana wawo anali ndi manja otere, ndipo iwo anati inde, anawamva pamene anabwera kudzawaona komaliza. Ndiye ndinawafotokozera zonse, mosathamanga, ngati ndikuphunzitsa mwana katekisimu: mgolo, chigaza chopalidwa, madzi otsalira pansi, mkuwa wakuda, timapepala titatu, dazi la pansi pa mango, dzenje la kuseri kwa chimbudzi. Ndinawauza kuti ku Halale kumene anamva kuja kunali ku ndende. Sindinawonjezere kanthu, ndipo sindinachotsepo kanthu kuti ziwapepukire. Pabwalo nkhuku zinkatola chimanga chimene chinagwa m'manja mwawo.

"Wamkulu ali pano?"

"Ndili pano, amayi."

"Wanama mkaziyu?"

Alamu anatsegula pakamwa, anayang'ana ankhoswe, anayang'ana azichemwali awo. Palibe anawathandiza. Apongozi anadikira, mutu utapendekera kumene kunachokera mawu. Anafunsanso kachiwiri, ndipo yankho silinabwere.

Anaitanitsa lumo ndi madzi. Wina anati manja awo akunjenjemera, amete wina, koma anamukalipira. Anandimeta okha, akupapasa ndi zala, ndipo ananditema kangapo mpaka magazi kutsikira m'khosi. Sindinasunthe. Misozi yawo inkagwera pamutu panga pamodzi ndi madzi aja. Ansembe anandiuza kambirimbiri pambuyo pake kuti ndikanamuleka mayi wokalamba afe mumtendere. Ine ndimati mtendere umenewo unali womangidwa pamsana panga, ndipo sindinapemphedwe. Mpaka lero sindinalape za tsiku limenelo, chifukwa sindiona choti ndilape.

Apongozi atamaliza anapukuta lumo pa nsalu yawo. Alamu anakwawa ndi mawondo kufika pamkeka n'kuwagwira phazi.

"Amayi..."

Apongozi anabweza phazi lawo. Sanakuwe, sanatukwane. Anatembenukira kumene kunali amalume anga n'kulankhula mwaulemu, ngati akupempha madzi akumwa.

"Bambo, pali mlendo pano amene sindikumudziwa. Muuzeni achoke pakhomo panga."

Alamu anadzuka. Anadutsa pakati pa abale awo, ndipo aliyense anayang'ana pansi. Ine ndekha ndi amene ndinawayang'ana, magazi akuuma m'khosi, mpaka anakhota kuseri kwa nkhokwe.